Mpingo ukunditumiza kuchipatala cha mishoni kunja, ndikonzekere bwanji?

"Adokotala, ndine namwino ndipo ndagwira ntchito zaka 7 pachipatala chachikulu cha mumzinda, makamaka kuwodi ya ana. Mpingo wathu wandipempha kuti ndipite ndi gulu la azaumoyo kukathandiza kwa miyezi 6 pachipatala chaching'ono cha mishoni m'dziko lina losauka, kudera lakutali kumene akuti dokotala ndi mmodzi yekha ndipo magetsi ndi apo ndi apo. Mtima wanga ukufuna, koma mantha andigwira. Ndinazolowera kugwira ntchito makina, labotale ndi madokotala zili pafupi. Kodi ndikakwanitsa? Ndikonzekere bwanji? Anzanga kutchalitchi ayamba kale kusonkhanitsa mankhwala oti ndinyamule, kodi zimenezi n'zabwino? Ndikuopanso kukadwala kapena kukatenga matenda kumeneko."

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale pansi, mukakwanitsa. Namwino amene wakhala zaka 7 kuwodi ya ana amazindikira mwana amene zikumuipira makina asanalire, amapeza mtsempha pa kamkono kofota, amadziwa kulankhula ndi mayi amene mantha amusokoneza mutu. Luso limeneli n'losowa kulikonse, ndipo kumene mukupitako likusowa kwambiri. Manthawo asakuchititseni manyazi. Pa zaka zimene ndagwira ntchito m'zipatala zakutali ndi kuphunzitsa anthu okonzekera maulendo otere, amene amandisowetsa tulo ndi aja amanyamuka ali otsimikiza kuti zonse akuzidziwa kale.

Chimene ndikufuna chikhazikike mumtima mwanu musanachite china chilichonse n'chakuti chipatala chimenecho chinalipo inu musanamve dzina lake, ndipo chidzapitirira inu mutabwerera. Pali azamba amene athandiza amayi kuchira pamenepo kwa zaka zambiri akuunikira ndi tochi. Pali wothandiza adokotala amene amadziwa kuti mvula ikagwa msewu wopita kuchipatala chachikulu umadukira pati. Pali dalaivala amene amadziwa mudzi uliwonse ndi mfumu yake. Inu mukukalowa pansi pa anthu amenewa, kukawonjezera manja pa ntchito imene iwo akuisenza kale. Malangizo onse amene ndipereke pano akuchokera pamenepa.

Choncho musanagule ndi chikwama chomwe, khalani pansi ndi akuluakulu a mpingo amene akukonza ulendowu, muwafunse mafunso osawanyengerera. Kodi akuluakulu a chipatalacho ndiwo anaitana, kapena ndi mpingo wanu umene unadzipereka? Anapempha namwino wa ana, kapena anapempha mzamba ndiye akungotumiza amene wapezeka? Mukakhala pansi pa ndani, ndipo usiku zikavuta mukagogoda pakhomo la yani? Wodwala amene wakanika pamenepo amatumizidwa kuti, ulendo wa maola angati, pa galimoto ya ndani? Inuyo mutadwala mwakayakaya, ndani angakuchotseniko ndipo ndani angalipire? Pemphani kuti mulankhule ndi munthu amene anapitako kale, komanso mkulu wa anamwino wa pachipatalacho. Safunsa anadya phula. Ngati mafunso amenewa akuyankhidwa ndi mawu akuti Mulungu adzapereka basi, auzeni mwaulemu kuti ulendowu sunakhwime, ndipo muwathandize kuukhwimitsa.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa dziko linaona kale zimene mtima wabwino wopanda dongosolo ungachite. Chivomerezi chitagwedeza dziko la Haiti pa 12 Januwale 2010, magulu ambirimbiri azaumoyo anakhamukira kumeneko. Ambiri anagwira ntchito yotamandika, koma ena anafika opanda zida, osadziwika kwa akuluakulu azaumoyo a dzikolo, ndipo ena anachita maopaleshoni akuluakulu n'kubwerera kwawo patangotha masiku ochepa, osasiya zolemba kapena munthu wopitiriza kusamalira mabalawo. Zimenezi ndi zina mwa zomwe zinachititsa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO kutulutsa mu 2013 malamulo oyenera kutsatidwa ndi magulu azaumoyo opita kukathandiza kunja pakagwa ngozi. Mu Okutobala chaka chomwe chija cha 2010 kunabuka kolera amene anachokera kumsasa wa asilikali a United Nations, anthu amene anabwera kudzathandiza, ndipo anapha anthu pafupifupi 10,000. Bungwe la United Nations linapepesa mu 2016. Inu simukupita kungozi yotere, koma phunziro lake likukukhudzani.

Nkhani ya mapepala yambani lero, chifukwa ndiyo imachedwa kuposa zonse. Chiphaso chimene muli nacho panopa sichikupatsani ufulu wogwira wodwala m'dziko la eni. Dziko lililonse lili ndi bungwe lake lolembetsa anamwino ndi madokotala, ndipo kawirikawiri amafuna makope otsimikizika a masatifiketi anu ndi kalata yochokera kukhonsolo yanu yonena kuti mulibe mlandu pantchito. Zimatha kutenga miyezi. Ena adzakuuzani kuti kumeneko n'kutali, palibe angafunse. Musawamvere. Tsiku limene wodwala adzamwalire m'manja mwanu, ngakhale inu musanalakwitse kanthu, funso loyamba lidzakhala la chiphaso, ndipo chipatala chimene chinakulandirani ndicho chidzatsale ndi mlanduwo. Viza nayonso ikhale yololeza kugwira ntchito, osati ya munthu wokaona malo.

Tsopano tibwere pa luso. Kuchipatala chachikulu namwino amakhala ndi kagawo kake. Kuchipatala chaching'ono m'mawa muli ndi ana, masana mukumanga bala la munthu amene wadzitema ndi nkhwangwa, usiku akudzutsani kuti mayi akutaya magazi atachira. Pemphani akuntchito kwanu akuloleni kukhalako masabata angapo kuchipinda chochilira ndi kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi. Ngati mungathe, pitani mukagwireko ntchito pachipatala chakumudzi musananyamuke, mukalawe kugwira ntchito popanda wokuthamangirani. Amene ali ndi mwayi wa ndalama amakachita maphunziro a matenda a m'mayiko otentha kusukulu monga Liverpool School of Tropical Medicine, imene inayamba mu 1898, kapena London School of Hygiene and Tropical Medicine, kapenanso Institute of Tropical Medicine ya ku Antwerp. Ndi maphunziro abwino, koma musaganize kuti popanda iwo simungapite. Maphunziro a masiku ochepa monga ETAT, ophunzitsa kusankha mwana wodwalitsa pamzere n'kumuthandiza nthawi yomweyo, IMCI, ophunzitsa kuzindikira ndi kuthandiza matenda ofala a ana, ndi Helping Babies Breathe, ophunzitsa zoyenera kuchita pa mphindi imodzi yoyamba khanda likabadwa osapuma, angakuthandizeni tsiku ndi tsiku. Buku la m'thumba la WHO la kasamalidwe ka ana m'chipatala limapezeka mwaulere pa intaneti. Likhale mufoni yanu moti lizitseguka popanda netiweki. Koposa zonsezi, pezani buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala la unduna wa zaumoyo wa dziko mukupitalo, muliwerenge musanafike. Kumeneko bukulo ndilo lamulo.

Zambiri zimene mukafunike munaziphunzira kusukulu, kungoti makina anakuiwalitsani. Tengani dripi mwachitsanzo. Kulibe pampu yoti mudina nambala n'kuchokapo. Seti ya dripi ya akuluakulu nthawi zambiri imatulutsa madontho 20 pa mililita imodzi, koma werengani pa paketi chifukwa zimasiyana. Ngati lita imodzi ikufunika kulowa pa maola 8, ndiye kuti mamililita 125 pa ola, kutanthauza madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Mumaima pambali pa bedi, wotchi kudzanja lina, chala chachikulu pa kagudumu kotsegulira ndi kutsekera madontho, mukuwerenga madontho a masekondi 15 mpaka afike 10 kapena 11. Kenako mumamata kapepala m'mbali mwa botolo n'kulembapo pamene madzi akuyenera kufika ola lililonse, kuti mnzanu wa usiku angoyang'ana n'kudziwa ngati yathamanga kapena yaima. Wodwala akangopinda mkono madontho amasintha, ndiye mumabwererakonso. Kwa mwana, botolo lonse la lita silipachikidwa popanda buleti, kabotolo koyezera madzi ochepa okalowa mwa mwanayo, chifukwa kagudumu kakatseguka usiku mwana amamira ali pabedi. Yambani kuyeserera zimenezi panopa, pamene pampu ilipo yoti ikuuzeni ngati mwalondola.

Chimodzimodzi maso ndi manja anu. Werengani mpweya wa mwana kwa mphindi yathunthu ali chete: wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kupitirira, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kupitirira, ganizirani chibayo, ndipo yang'anani ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa akamakoka mpweya. Tambasulani kadzanja kake muone ngati chikhatho chayera, chizindikiro cha kuchepa magazi. Finyani chala mpaka chiyere, muone ngati magazi atenga masekondi opitirira 3 kubwerera. Kalamba koyezera mkono kakasonyeza kuchepera masentimita 11.5 mwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5, kapena mapazi onse awiri akatupa, mwanayo wanyentchera kwambiri, ndipo thupi lake silifanana ndi la ana ena. Mtima wake ndi wofooka, madzi a dripi angamuphe, shuga amatsika msanga, amazizidwa msanga. Amafuna kufunditsidwa, kudyetsedwa pang'onopang'ono usana ndi usiku ndi mkaka wapadera wa ana onyentchera wotchedwa F-75, ndipo mankhwala a ayironi sayambidwa masiku oyambirira.

Apa ndikuuzeni za kafukufuku amene ndimafuna aliyense wopita kuzipatala zotere amudziwe. Kwa zaka zambiri m'zipatala za mayiko olemera ankaphunzitsa kuti mwana wotentha thupi amene magazi sakuyenda bwino amupatse madzi ambiri mothamanga kudzera m'mtsempha. Kafukufuku wotchedwa FEAST, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anayesa njira imeneyi pa ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania. Zimene anapeza zinadzidzimutsa ofufuza eni ake: pa maola 48 oyamba, mwa ana 100 alionse amene anapatsidwa madzi mothamanga anamwalira oposa 10, pamene mwa amene sanapatsidwe anamwalira pafupifupi 7. Ana otha madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba sanali nawo m'gulu limeneli, iwo madzi amafunikadi. Ndiye mukaona namwino wa kumeneko akuchita mosiyana ndi mmene munazolowerera, funsani chifukwa chake musanamukonze. Nthawi zina mudzapeza kuti n'kusowa kwa zida, nthawi zina n'chizolowezi choipa chofunikadi kusintha, koma nthawi zambiri ndithu mudzapeza kuti akudziwa chimene inu simukuchidziwa. Zolakwika zenizeni zimene mwaona musazikwirire, koma mwezi woyamba uthe mukuzilemba m'kabuku kanu, kenako mukazikambe ndi mkulu wa anamwino muli awiri, osati pamaso pa odwala. Chokhacho chimene sichidikira ndi chimene chikuika moyo wa munthu pachiswe nthawi yomweyo.

Pali yesero limodzi limene mudzakumane nalo ndithu. Anthu akadziwa kuti mwachokera kunja, adzayamba kukutchulani kuti adokotala, ndipo mudzapemphedwa kuchita zimene simunaphunzire. Chimene simungaloledwe kuchita kuchipatala chanu musakachiphunzirire pa thupi la munthu chifukwa choti ndi wosauka ndipo sangakusumireni. Ndikudziwa kuti moyo suli wophweka chotero. M'zipatala zotere anamwino amachita zambiri zimene kwina zimachitidwa ndi madokotala, ndipo malamulo a dzikolo amawalola. Zimenezo ziphunzireni kwa eni ake, akuyang'anirani mpaka iwo anene kuti mwatha. Ndipo lidzafika tsiku loti dokotala palibe, galimoto palibe, munthu akufa. Pamenepo imbani foni kwa wina wodziwa, chitani chimene mungathe kuti apulumuke, lembani zonse, ndipo mawa lake mukambirane. Kuteroko n'kosiyana kwambiri ndi kuyesa opaleshoni chifukwa mpata wapezeka.

Za mankhwala amene anzanu akusonkhanitsa, athokozeni ndi mtima wonse, kenako muwapemphe aimitse kaye. Ndinalowapo m'chipinda chosungiramo katundu pachipatala china chakutali. Makatoni anali mpaka kudenga, onse mphatso za anthu okoma mtima. M'kati munali mabotolo otsegula kale otsala kwa odwala ena, mapilitsi olembedwa m'chilankhulo chimene panalibe ndi mmodzi yemwe wochiwerenga, ambiri atatha kale mphamvu, ena a matenda amene kuderalo sayezedwa n'komwe. Pakona panali makina aakulu atafundidwa nsalu, chifukwa anapangidwira magetsi a mavoti 110 pamene kumeneko ndi 220, ndipo kachipangizo kamodzi katapsa panalibe kokagula kena. Wosunga mankhwala ankadandaula kuti akusowa pomwe angaike mankhwala a malungo, ndipo kuwononga zinyalala zimenezo mosaika anthu pangozi kunkafuna ndalama zimene chipatala chinalibe. Bungwe la WHO linatulutsa malangizo a mphatso za mankhwala koyamba mu 1996, ndipo mfundo zake n'zomveka: perekani zimene olandirawo apempha, zikhale zovomerezeka m'dziko lawo, zikhale zotsala ndi chaka chathunthu zisanathe mphamvu pofika, zolembedwa m'chilankhulo chimene ogwira ntchito akumva, ndipo zotsala kwa odwala ena zisaperekedwe. Dziwaninso kuti kulowa ndi mankhwala m'dziko popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo mankhwala monga morphine, pethidine kapena diazepam angakutsekeretseni pabwalo la ndege.

Njira yabwino n'kusonkhanitsa ndalama, chipatala chigule chokha kumene chimagula nthawi zonse. Zimatuluka zotsika mtengo, ndipo mankhwalawo ndi amene ogwira ntchito akuwadziwa ndiponso adzapezekabe inu mutachoka. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu. Mukayambitsa munthu mankhwala a BP kapena a shuga amene mwabwera nawo m'chikwama, miyezi 6 ikatha adzawapeza kuti? Musanayambitse chithandizo chilichonse chokhalitsa, dziwani amene adzachipitirize. M'chikwama chanu muikemo zida zanu zogwirira ntchito: stethoscope, thermometer, kachipangizo koyezera okosijeni pachala kokwana ana, tochi yovala pamutu, wotchi ya masekondi, magalasi oteteza maso, masiki a N95 chifukwa cha TB, ndi mankhwala anuanu okwana nthawi yonse pamodzi ndi kalata ya dokotala. China chilichonse funsani chipatalacho ngati chikuchifuna.

Tibwere pa thanzi lanu. Kaonaneni ndi dokotala wodziwa za apaulendo kutatsala masabata 6 mpaka 8, ndipo ngati simunamalize katemera wa hepatitis B pitani panopa, chifukwa mwa nthawi zonse amabayidwa katatu pa miyezi 6. Ngati munabayitsa kale, ayeze magazi aone ngati chitetezo chinagwira. Mayiko ena salola munthu kulowa popanda khadi la katemera wa yellow fever. Limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 mutabayitsa, ndipo kuchokera mu 2016 katemera mmodzi amawerengedwa wa moyo wonse. Dokotalayo aonenso za kafumbata, chikuku, typhoid, hepatitis A, ndi matenda oumitsa khosi ngati mukupita kuchigawo chochokera ku Senegal mpaka ku Ethiopia kumene amabuka kawirikawiri. Katemera wa chiwewe ndimalimbikitsa kwa aliyense wokakhala kutali. Galu akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo kafuneni katemera wina tsiku lomwelo ngakhale munabayitsa kale.

Malungo musawapepuse. Munthu amene anakulira kudera la malungo koma wakhala zaka zingapo kumene kulibe, chitetezo chake chimachepa, ndipo oterewa ndi amene amanyalanyaza mankhwala n'kudwala kwambiri. Mankhwala oteteza alipo angapo. Doxycycline amamwedwa tsiku lililonse mpaka masabata 4 mutachoka kuderalo, koma si wa mayi woyembekezera. Atovaquone-proguanil amamwedwanso tsiku lililonse mpaka masiku 7 mutachoka, kungoti ndi wokwera mtengo. Mefloquine ndi wa kamodzi pa sabata ndipo amayambidwa masabata awiri kapena atatu musananyamuke, koma sapatsidwa kwa munthu amene anadwalapo khunyu kapena matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Musankhe pamodzi ndi dokotala, ndipo gonani m'neti usiku uliwonse. Thupi likangotentha, yezetsani tsiku lomwelo. Anthu azaumoyo ndife odwala ovuta, timati ndimalize kaye shifiti, ndipo malungo sadikira shifiti.

Funsaninso musananyamuke ngati pachipatalapo pali PEP, mankhwala oteteza ku HIV mukabayidwa ndi singano ya wodwala. Ngati palibe chitsimikizo, nyamulani anu. Mukabayidwa, tsukani ndi sopo ndi madzi, uzani mkulu wanu nthawi yomweyo, ndipo yambani kumwa m'maola oyambirira, asanadutse maola 72, kwa masiku 28 osadumphitsa. Kusamba m'manja, magolovesi ndi kusabwezera kachivindikiro pa singano zikhale m'magazi mwanu ngakhale pa tsiku limene wodi yadzaza. Pa mliri wa Ebola wa 2014 mpaka 2016 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, ogwira ntchito zaumoyo oposa 500 anamwalira. Wodwala wotentha thupi ndi kutuluka magazi mosadziwika bwino, kapena anthu angapo a nyumba imodzi odwala mofanana, mpatuleni ndipo dziwitsani akuluakulu azaumoyo mwachangu.

Koma choopsa chimene anthu amachiiwala ndi msewu. Musayende usiku pokhapokha ngati palibiretu kuchitira mwina, mangani lamba, pa njinga yamoto valani chipewa, ndipo dalaivala akathamangitsa muuzeni osachita manyazi. Inshuwalansi yanu ikhale yolipira kukunyamulani pa ndege kupita kuchipatala chachikulu, ndipo muwerenge nokha ngati ikuvomereza munthu wogwira ntchito yachipatala m'dziko limenelo.

Chilankhulo yambani kuphunzira panopa, ngakhale moni, ziwalo za thupi, manambala ndi mawu monga kupweteka, kusanza, kutsegula m'mimba, pepani. Mukamagwiritsa ntchito womasulira, yang'anani wodwalayo, lankhulani ziganizo zifupizifupi, ndipo pomaliza mpempheni abwereze zimene wamva. Pa nkhani za kumaliseche, za mimba kapena za nkhanza za m'banja, womasulira asakhale mwana wake kapena mwamuna wake. Mayi akafika mochedwa mwana atatemedwa mphini kwa sing'anga, musamukalipire. Simukudziwa mtunda umene wayenda, amene anafunika kumupatsa chilolezo, kapena chimene wagulitsa kuti apeze yoyendera. Mukamuchititsa manyazi, ulendo wina sadzabwera n'komwe, ndipo adzauza anzake.

Popeza mukupita m'dzina la mpingo, ndinene za chikhulupiriro mosapita m'mbali. Chikhulupiriro n'chimene chidzakudzutseni usiku wachitatu wosagona, ndipo zipatala za mishoni zasenza anthu ambiri kumene kunalibe wina wowasenza. Koma munthu amene wagona pabedi akudikira jakisoni wanu sangakukanireni kanthu momasuka. Chithandizo chisadalire kuti wamvera ulaliki, ndipo wachipembedzo china alandire chisamaliro chofanana ndendende ndi wa mpingo wanu. Mukafuna kupemphera naye, malizani kaye ntchito, funsani m'njira yoti athe kunena kuti ayi, ndipo akakana nkhope yanu isasinthe. Zithunzi nazonso: mpingo udzafuna kuona zimene mukuchita, koma mwana wowonda amene ali m'manja mwanu ali ndi makolo ndi ulemu wake. Musajambule popanda chilolezo chomveka bwino, ndipo musaike pa Facebook chithunzi chimene simungalole chitakhala cha mwana wanu. Odwala akakupemphani ndalama, ndipo adzakupemphani, funsani ngati chipatala chili ndi thumba lothandizira osowa, mupereke kudzera mmenemo.

Chinthu chimene palibe kosi imene ingakukonzekeretseni mokwanira ndi imfa zopeweka. Mudzakhala ndi makina amodzi opangira okosijeni ndi ana atatu owafuna, magetsi n'kuzima, jenereta ilibe mafuta. Mudzataya mwana amene mukudziwa kuti kuchipatala chanu chachikulu akanapita kwawo akuseka. Mkwiyo udzabwera, ndipo udzafuna kutera pa anzanu a kumeneko chifukwa adzaoneka ngati sizikuwakhudza. Zimawakhudza, kungoti iwo akhala akuzisenza zaka zambiri ndipo mawa akuyenera kubweranso kuntchito. Zosankha zovuta musamazisenze nokha. Gwirizanani monga gulu, kukadali masana, za mmene muzisankhira zinthu zikachepa. Tsiku lopuma likhale lopumadi. Mukhale ndi munthu mmodzi wakutali, amene si bwana wanu, woti muzilankhula naye sabata iliyonse mosabisa kanthu. Mukaona kuti tulo lathawa kwa masabata, mukulira popanda chifukwa, mukukalipira odwala, kapena simukumvanso kalikonse mwana akamwalira, uzani mtsogoleri wa gulu lanu. Kubwerera nthawi isanakwane chifukwa cha thanzi si tchimo. Ndipo ngati panopa muli ndi pakati, muli ndi matenda amene sanakhazikike, mwangoferedwa kumene, kapena am'banja mwanu sanagwirizane nazo, kambiranani ndi dokotala ndi abusa anu za kusuntha ulendowu. Chipatalacho chidzafunabe namwino chaka chamawa.

Za kuchoka muziziganizira kuyambira sabata yoyamba. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chilichonse chimene mukuchita, pakhale wina wa pamenepo amene mukuchita naye, ndipo chatsopano chimene mukufuna kuyambitsa chikhale choti chingayende ndi anthu ndi zida zimene zilipo. Zolemba za odwala zikhale m'mafaelo a chipatala, m'chilankhulo chimene iwo amalembera. Musalonjeze sukulu, ntchito kapena makina pokhapokha muli ndi chitsimikizo chakuti mudzakwaniritsa.

Mukabwerera, malizani mankhwala a malungo mpaka tsiku lomaliza, ndipo kaonaneni ndi dokotala ngakhale mukumva bwino. Muuzeni dziko limene munali, ngati munasambapo m'nyanja kapena mumtsinje chifukwa cha likodzo, ngati munabayidwapo ndi singano, ndiponso ngati munkasamalira odwala TB. Thupi likatentha nthawi iliyonse m'chaka choyamba, makamaka miyezi itatu yoyambirira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo nenani nokha kuti akuyezeni malungo, chifukwa dokotala amene sakudziwa za ulendo wanu angaganize kuti ndi chimfine. Chifuwa chopitirira masabata awiri, kuwonda kapena kutuluka thukuta usiku zikufuna kuyezetsa TB. Ambiri amadabwa kuti kubwerera kumawawa kuposa kupita: mudzakwiya mukaona magolovesi akutayidwa mwachisawawa, ndipo anzanu adzatopa ndi nkhani zanu msanga kuposa mmene mumayembekezera. Zimenezi zimatha pakapita masabata angapo. Koma ngati mwezi wadutsa mukulotabe odwala amene anamwalira, mukudzidzimuka, mukupewa wodi ya ana kapena mukuganiza zodzivulaza, pitani kwa mlangizi kapena dokotala wa matenda a maganizo, ndipo pemphani mpingo ulipire chithandizo chimenecho monga mbali ya ulendo umene unakutumani.